Wansembe mmodzi, asilikali 4,000: ntchito imene Bambo Georgy Shavelsky anailongosola

Mfuti zikayamba kulira, wansembe wa asilikali azikhala pati? Mu 1904, pamene Russia inkamenyana ndi Japan ku Manchuria, kumpoto chakum'mawa kwa China, funsoli linalibe yankho lolembedwa. Ansembe ena ankatsalira kumbuyo kwenikweni, kungolo za katundu, kumene wovulala kwambiri sankafikako ali moyo. Ena ankathamangira kutsogolo atanyamula mtanda, monga anachitira Bambo Stefan Shcherbakovsky pa nkhondo ya pamtsinje wa Yalu, pamene anatsogolera asilikali ozingidwa mpaka iwo eni kulasidwa ndi zipolopolo. Kulimba mtima kotero palibe angakupeputse. Komabe wansembe akagwa m'mphindi zoyambirira, anthu mazana amene avulale tsikulo amatsala opanda wowalapitsa, ndipo akufa amaikidwa popanda wolemba maina awo.

Amene anadzapereka yankho la funsoli ndi wansembe wina amene anali komweko ku Manchuria, Bambo Georgy Shavelsky, mkulu womaliza wa ansembe onse a asilikali mu ufumu wa Russia. Moyo wawo ndi njira yabwino yomvetsera mmene ntchito imeneyi imayendera mu Mpingo wa Orthodox, pamene imapindula ndi pamene imagwera.

Mwana wa woimba masalimo

Bambo Georgy anabadwa mu Januwale 1871 m'mudzi wa Dubokray, m'chigawo cha Vitebsk. Bambo awo anali wowerenga ndi woimba masalimo m'tchalitchi cha kumudzi, udindo wotsikitsitsa komanso wa malipiro ochepa. Anamaliza seminale ya Vitebsk mu 1891, nagwira ntchito yonga ya bambo awo kwa zaka zingapo, kenaka anakwatira ndi kudzozedwa unsembe mu 1895. Ndondomeko imeneyi, ukwati poyamba kudzoza pambuyo, ndi lamulo. Mu Mpingo wa Orthodox mwamuna wapabanja akhoza kukhala wansembe, koma amene wadzozedwa kale sakwatira, ngakhale mkazi wake atamwalira. Mayi a kunyumba kwa Bambo Georgy anamwalira mu 1897, kuwasiyira mwana wamkazi wamng'ono. Bambo Georgy anali ndi zaka 26.

Wansembe wamasiye wanzeru anali ndi njira yodziwika: kulumbira umonke, chifukwa maepiskopi amasankhidwa pakati pa amonke. Bambo Georgy sanaitsate. Anapita ku sukulu yapamwamba ya zaumulungu ku St Petersburg, anamaliza mu 1902, ndipo anapatsidwa tchalitchi cha pasukulu ya akuluakulu a asilikali. Nkhondo ya Japan itabuka anapita ndi rejimenti ya 33 ya ku East Siberia, ndipo chaka cha 1904 chisanathe anali atakwezedwa kukhala woyang'anira ansembe a gulu loyamba lankhondo la ku Manchuria. Mu 1911, ali ndi zaka 40, anakhala protopresbyter, mkulu wa ansembe onse a asilikali apamtunda ndi apamadzi.

Chifukwa chake sagwira mfuti

Malamulo akale a mpingo sazungulira pa nkhaniyi. Lamulo la 83 mwa amene amatchedwa Malamulo a Atumwi limati episkopi, wansembe kapena dikoni wofuna kuphatikiza usilikali ndi unsembe achotsedwe, chifukwa za Kaisara n'za Kaisara ndipo za Mulungu n'za Mulungu. Wansembe amene wapha munthu, ngakhale mwangozi, sayeneranso kuima paguwa. Kwa msilikali wamba, Basil Woyera wa ku Caesarea, amene anamwalira mu 379, analemba mu lamulo lake la 13 kuti kupha kunkhondo makolo sanakuwerenge ngati kupha mwachiwembu, komabe n'kwabwino kuti wochita zimenezo akhale zaka zitatu osalandira Ukaristia popeza manja ake si oyera. Lamuloli silinkatsatidwa kwenikweni, koma silinafafanizidwe. Mfumu Nikephoros Phokas ya ku Constantinople, imene inalamula kuyambira 963 mpaka 969, itafuna kuti asilikali ofera kunkhondo azilemekezedwa ngati ofera chikhulupiriro, Patriarch Polyeuktos, mkulu wa mpingo kumeneko, ndi maepiskopi anakana, ndipo anaima pa lamulo lomweli la Basil.

Ndiye kuti wansembe wa asilikali amakhala pakati pa anthu amene ntchito yawo ndi yoletsedwa kwa iye, ndipo mwambo wake umamuuza kuti magazi, ngakhale okhetsedwa pa chifukwa chomveka, amasiya bala mumtima mwa wowakhetsa. Malamulo a mayiko amagwirizana nazo. Pangano la Geneva la 1864 linaika ansembe pamodzi ndi madokotala monga anthu osamenya nawo nkhondo, ndipo mapangano a 1949 amati wansembe wogwidwa satengedwa ngati mkaidi wa nkhondo, amangosungidwa ngati akufunika kutumikira akaidi a kwawo. Chitetezo chimenecho chimaima pa kusamenya nawo. Wansembe wotola mfuti n'kuwombera amaika pangozi anzake onse.

Ofesi yokhala pakati pa episkopi ndi kazembe

Ansembe anayamba kalekale kutsagana ndi asilikali a Russia, koma mfumu Peter Wamkulu ndiye anawalemba m'malamulo a asilikali mu 1716 ndi a apamadzi mu 1720. Mu 1800 mfumu Paul anawachotsa m'manja mwa maepiskopi a madayosizi nawaika pansi pa wansembe mmodzi, Pavel Ozeretskovsky. Dzina la protopresbyter linakhazikika mu 1890. Chifukwa cha dongosololi n'chosavuta kumva. Rejimenti imasamuka, lero ili m'dayosizi iyi, mwezi wamawa ili kutsidya kwa malire, ndipo wansembe sangamapemphe chilolezo kwa episkopi aliyense wa m'njira. Koma linali ndi chilema chake. Protopresbyter sanali episkopi. Ankalamula ansembe mazanamazana, koma sakanatha kudzoza ngakhale dikoni mmodzi, kapena kudalitsa nsalu ya paguwa. Pa zonsezi ankadalira maepiskopi, amene ambiri sankakondwa kuona wansembe wamba ali ndi mphamvu zotere.

Pansi pake panali akulu a ansembe a mbali iliyonse ya nkhondo, kenaka woyang'anira ansembe a divishoni, ndipo kumapeto wansembe wa rejimenti. M'sitima zankhondo ambiri anali amonke. Pa malipiro ndi ulemu wansembe wa rejimenti ankafanana ndi kaputeni, ndipo ankadya ndi maofesala. Zimenezi zinkaoneka zazing'ono, koma zinadzawapweteka mu 1917.

Rejimenti ya oyenda pansi pa nthawi ya nkhondo inali ndi anthu pafupifupi 4,000, m'mabataliyoni anayi, ndipo wansembe anali mmodzi. Womuthandiza anali msilikali mmodzi wosunga ziwiya za tchalitchi, ndi kwaya yotoledwa m'makampani. Msilikali aliyense wa Orthodox ankayenera kulapa ndi kulandira Ukaristia kamodzi pachaka, kawirikawiri mu Lenti. Tiwerengere pamodzi: anthu 4,000, aliyense mphindi zitatu zokha, ndi maola 200 a kulapitsa. Pa mtendere ankawagawa kampani ndi kampani m'masabata a Lenti. Kunkhondo zinali zosatheka, ndiye ankachita kulapa kwa onse pamodzi. Wansembe amatchula machimo mokweza, asilikali amavomera mumtima, kenaka aliyense amadutsa pansi pa stola, nsalu yaitali imene wansembe amavala m'khosi, kulandira chikhululukiro. Njira imeneyi imapulumutsa nthawi, koma munthu amene ali ndi chinthu chomulemera, monga amene anabaya mdani woti wakweza kale manja, amadutsa nacho osachinena. Wansembe wodziwa ntchito ankasiya mpata madzulo woti otere amupeze payekha.

Zimene zili m'bokosi

Tchalitchi cha kunkhondo chinkakwana m'mabokosi okwera pangolo: tenti, tebulo lopinda, zithunzi zoyera zojambulidwa pansalu, mabuku, zovala. Pa zonsezi chimene wansembe sangachite Misa popanda icho ndi antimins. Imeneyi ndi nsalu ya makona anayi, ya silika kapena bafuta, yojambulidwa Khristu akuikidwa m'manda, ndi alembi anayi a Uthenga Wabwino m'makona. M'kathumba kosokedwa kumbuyo kwake muli kachidutswa ka fupa la woyera, komatidwa ndi phula, ndipo pansi pali siginecha ya episkopi. Siginecha imeneyo ndiyo chilolezo. Ndi antimins, bokosi la zipolopolo kapena chitseko chogonekedwa pa migolo chimakhala guwa. Popanda iyo, ngakhale tchalitchi chomangidwa ndi miyala sichithandiza. Nsaluyi sichapidwa. Imapindidwa katatu uku ndi katatu uku, n'kukulungidwa m'nsalu ina, ndi kasiponji kosesera nyenyeswa. Rejimenti ikamathawa, wansembe ankaichotsa m'bokosi n'kuivala pachifuwa, chifukwa ngolo zimagwidwa.

Mkate wa Misa ya Orthodox ndi wofufumitsa, wa ufa wa tirigu, madzi, mchere ndi yisiti basi, wopanda mafuta kapena shuga. Umaumbidwa zigawo ziwiri zosanjikiza, pamwamba n'kudindapo mtanda ndi zilembo IC XC NIKA, kutanthauza kuti Yesu Khristu amapambana. A ku Russia amagwiritsa ntchito mikate isanu pa Misa imodzi. Pa woyamba wansembe amadulapo chigawo cha makona anayi ndi kampeni kooneka ngati mkondo, ndipo chimenecho, chotchedwa Mwanawankhosa, ndicho chimapatulidwa. Pa inayo amachotsa tizidutswa pokumbukira Maria, oyera, amoyo ndi akufa, akutchula maina. Vinyo ndi wamphesa, wofiira. Kutangotsala pang'ono kuti anthu alandire, m'chikho amathiramo madzi otentha, ndiye kuti pafunika moto ndi ketulo pafupi. Anthu amalandira Thupi ndi Magazi pamodzi, pa supuni.

Apa m'pamene nkhondo imavutitsa. Mkate wofufumitsa suchedwa kuchita nkhungu, ndipo wankhungu saloledwa paguwa, choncho wansembe ankafunika kugwirizana ndi wophika buledi wa rejimenti kapena amayi a tchalitchi cha m'mudzi wapafupi. Vinyo akasasa mpaka kusanduka viniga sagwiranso ntchito. M'nyengo yachisanu, monga ya m'mapiri a Carpathian kumayambiriro kwa 1915, zam'chikho zimaundana, ndipo malangizo a kumapeto kwa buku la Misa amanena chochita: kukulunga chikho ndi nsalu zotenthetsa mpaka zisungunuke. Malangizo omwewo amati moto kapena adani akafika Misa ili mkati, wansembe anyamule zopatulikazo ndi antimins akamalizire kwina, ndipo ngati palibe kothawira azidye zonse kuti zisanyozedwe. Panja mphepo imauluza tizidutswa ta pambale, kotero zophimba sizichotsedwa msanga. Wansembe sadya kapena kumwa kuyambira pakati pa usiku, sachita Misa kawiri patsiku, ndiponso sachita ali yekha popanda woyankha. Misa imodzi patsiku, kwa rejimenti yomwazikana m'maenje aatali makilomita angapo, ikutanthauza kuti makampani ena amatha masabata osamuona. Ndiponso khamu loima pamtetete kwa ola ndi theka ndi chandamale cha mizinga.

N'chifukwa chake chida chenicheni cha wansembe wa kunkhondo chinali kabokosi kachitsulo kovala m'khosi, m'kathumba kansalu. M'katimo muli kachikho, kasupuni, kabotolo ka vinyo, ndi Ukaristia wosungidwa. Ukaristia umenewu umakonzedwa kawirikawiri Lachinayi Loyera, ngakhale kunkhondo ankakonza pa Misa iliyonse ukatha. Wansembe amapatula Mwanawankhosa wachiwiri, amadonthezapo Magazi pang'onopang'ono ndi supuni, amadula tizidutswa ting'onoting'ono, n'kutiumitsa pambale yoikidwa pa njerwa yofunda kapena pamwamba pa makala ozirala, akutembenuza. Moto ukachuluka timapserera. Tikapanda kuuma mpaka mkati timachita nkhungu patapita masabata ochepa, makamaka m'chinyontho cha m'maenje. Choncho kabokosiko kamayenera kutsegulidwa ndi kuyang'anidwa kawirikawiri.

Pamalo omangira mabala

Mu Julayi 1914 Bambo Georgy anaitanitsa ku St Petersburg msonkhano woyamba wa ansembe a asilikali, wa nthumwi 49. Unatha kutangotsala masiku ochepa kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse iyambe, yomwe ija inafika kuno ku Karonga mu Seputembala chaka chomwecho. Msonkhanowo unalemba malangizo, ndipo funso la ku Manchuria linayankhidwa: nkhondo ikamamenyedwa, malo a wansembe ndi pamalo oyamba omangira mabala, kumene onyamula machira amatula ovulala. Malowo ali pafupi moti mizinga imafikapo, koma ndi pamene wovulala aliyense wa rejimenti amadutsira. Wansembe anauzidwanso kuti aphunzire kumanga mabala kuti azithandiza madokotala, ayang'anire kuchotsa ovulala ndi akufa pabwalo la nkhondo, asamalire manda, adziwitse abale a womwalira, akhazikitse mabungwe othandiza amasiye ndi olumala, ndiponso asunge mabuku oti asilikali aziwerenga. Nkhondo isanayambe ansembe a asilikali anali pafupifupi 730. Ili mkati anapitirira 5,000, ambiri otengedwa m'maparishi a kumudzi osadziwa chilichonse cha usilikali, ndipo pepala limenelo ndilo linali sukulu yawo.

Pamalopo ntchito imayenda chonchi. Wansembe amavala stola pamwamba pa mkanjo, amafunsa dokotala amene sachedwa kutsirizika, n'kuyambira kwa ameneyo. Amagwada pambali pa machira, amafunsa dzina la ubatizo, chifukwa mapemphero onse amatchula dzina limenelo. Kulapa kumakhala kwa mawu ochepa, mwina kungogwedeza mutu. Amaphimba mutu wa wovulalayo ndi nsonga ya stola n'kunena pemphero la chikhululukiro. Kenaka amaika kachidutswa kamodzi m'kachikho, amathira vinyo pang'ono kuti kafewe, n'kumupatsa pa supuni, n'kupukuta milomo ndi kansalu. Lamulo la kusala chakudya siligwira kwa amene ali pafupi kufa. Koma amene wakomoka, amene sangameze, kapena amene akusanza sapatsidwa, kuopa kuti zopatulika zingatayike, ndipo mabala a pansagwada, pakhosi ndi pamimba ankabweretsa vuto limeneli tsiku ndi tsiku. Kwa otere wansembe amawerenga mapemphero operekeza mzimu, pafupi ndi khutu. Kudzoza odwala, kumene mwa mwambo kumafuna ansembe asanu ndi awiri ndi mawerengo asanu ndi awiri, kukhoza kuchitidwa ndi mmodzi, koma kunkasiyidwira kuchipatala cha kumbuyo kumene kuli nthawi.

Pamachira sipankagona a Orthodox okha. Gulu lankhondo la Russia linali ndi Akatolika a ku Poland, Alutherani a ku Baltic, Asilamu achi Tatar, Ayuda. Mu Novembala 1914 Bambo Georgy analembera ansembe awo onse kuti apewe mikangano ya zipembedzo ndi kunyoza chikhulupiriro cha ena. Wansembe sangapereke Ukaristia kwa amene si wa mpingo wake, koma akhoza kumumwetsa madzi, kumanga bala, kulemba kalata yake, ndi kutumiza uthenga kwa wansembe wa Katolika kapena shehe ngati alipo pafupi. M'dziko limene mpingo umodzi unali wa boma, kalata imeneyo inali yanzeru komanso yachilungamo.

Nkhondo ikazizira imayamba ntchito imene anthu saikamba kwambiri, koma ndi imene mabanja ankaifuna koposa. Akufa amasonkhanitsidwa, matumba awo amafufuzidwa kuti apeze kalata kapena kabuku kodziwitsa dzina, anzawo a m'kampani amaitanidwa kuti azindikire nkhope. Dzenje limakumbidwa pamalo okwera, osati m'dambo kapena pafupi ndi chitsime. Matupi amagonekedwa moyang'ana kum'mawa, mwambo wa maliro umaimbidwa kamodzi kwa onse koma dzina lililonse limatchulidwa, wansembe amawaza dothi mopingasa ngati mtanda. Kenaka amakhala pansi n'kulemba m'kaundula: dzina, udindo, kampani, chigawo ndi mudzi wochokera, tsiku, chimene chamupha, malo a manda. Mzere umodzi umenewo ndi umene unkachititsa kuti mkazi wamasiye alandire chithandizo cha boma, kuti aloledwe kukwatiwanso, kuti abale achite mapemphero a tsiku la 40 chimwalirireni munthuyo. Wansembe akachita ulesi, kapena kaundula akanyowa ndi kuwonongeka pothawa, munthu ankangolembedwa kuti wasowa, ndipo banja limakhala zaka osadziwa ngati lilire kapena lidikire. Ambiri mwa asilikali anali alimi, ena osadziwa kulemba, ndiye nthawi zina kalata ya wansembe inali nkhani yokhayo yofika kumudzi.

Malangizo aja sanathetse kudzipereka kwa mtundu wina. Mu Okutobala 1914 sitima ya Russia yotchera mabomba, yotchedwa Prut, inakumana ndi sitima yaikulu ya adani yotchedwa Goeben pafupi ndi Sevastopol, ndipo oyendetsa Prut anaimiza dala sitima yawoyo kuti isagwidwe. Wansembe wake, mmonke wokalamba Antony Smirnov, anasiyira ena malo ake m'bwato lopulumukira natsala m'sitimamo akudalitsa amalinyero. Ansembe makumi angapo anafa pa nkhondoyo, ndipo ovulala anali ochuluka kuposa pamenepo.

Patebulo la mfumu

Bambo Georgy eni ake anakhala nkhondo yonse ku likulu la asilikali, poyamba ku Baranovichi pansi pa Grand Duke Nicholas, kenaka ku Mogilev kuyambira Ogasiti 1915, pamene mfumu ya Russia, Tsar Nicholas II, anatenga yekha utsogoleri wa nkhondo. Chaka chomwecho analowa mu Sinodi Yoyera, bungwe lolamula mpingo wonse. Ankayendera magulu a kutsogolo, ndipo ankamva zimene asilikali ankanong'ona m'maenje za Grigory Rasputin, mlimi wa ku Siberia amene ankatengedwa ngati munthu wa Mulungu, ndi mphamvu imene anali nayo pa banja lachifumu. Mu 1916 anakauza mfumu maso ndi maso kuti nkhaniyi ikuwononga ulemu wa mpando wachifumu pakati pa asilikali. Mfumu inamvetsera mwaulemu ndipo sinasinthe kanthu.

Mbali imeneyi ya ntchito ndi yofunika monga ya pamachira. Wansembe ndi munthu yekhayo m'gulu lankhondo amene amamva msilikali wamba akulankhula popanda mantha, ndipo ali ndi khomo lolowera kwa wolamula. Za m'kulapa sangaziulule kwa aliyense, ngakhale kazembe atazifuna. Koma za njala, nsapato zong'ambika, ofesala womenya anthu, mphekesera zowononga, ayenera kuzifikitsa. Amene amasankha kusangalatsa akuluakulu patebulo wataya theka la ntchito yake.

Mmene zinagwera

Mfumu inatula pansi udindo mu Malichi 1917. M'miyezi yochepa zinaoneka kuti chipembedzo cha m'gulu lankhondo chinaimira kwambiri pa lamulo. Kupita ku Misa kunali pandandanda wa tsiku monga perete, kulapa kwa pachaka kunkalembedwa, pemphero la madzulo linkaimbidwa pamzere. Chikakamizo chitachoka, matenti a mapemphero anayamba kukhala opanda anthu. Choipa koposa, wansembe anali atakhala pakamwa pa boma. Ndiye ankalumbiritsa asilikali atsopano kukhulupirika kwa mfumu, kudalitsa mbendera, kulalikira kuti kuthawa n'tchimo. Mu 1916 panakhazikitsidwanso alaliki apadera oyendayenda kukalimbitsa mitima. Boma latsopano litafuna kupitiriza nkhondo, ansembe omwewo anatumidwa kukalalikira zomwezo kwa anthu otopa, amene maganizo awo anali pa kugawana minda kumudzi. Makomiti a asilikali anayamba kuona wansembe ngati ofesala wovala mkanjo. Ena anathamangitsidwa, ena anamenyedwa.

Pamenepa tiyenera kuweruza mwachilungamo. Gawo la malangizo a 1914 lonena za ovulala, manda ndi makalata linali labwino, ndipo likadali labwino. Gawo lopangitsa wansembe kukhala wokweza mtima wa nkhondo ndi limene linadya ulemu wa gawo linalo. Bambo Georgy anali wokonda dziko lawo ndi mtima wonse, ankakhulupirira kuti nkhondoyo iyenera kupambanidwa, ndipo sanasiyanitse ziwirizi mokwanira. Ansembe awo ankawadalirabe, moti pa msonkhano wachiwiri ku Mogilev mu Julayi 1917 anawasankha kuti apitirize udindo. Pa msonkhano waukulu wa mpingo umene unatsegulidwa ku Moscow mu Ogasiti, umene unabwezeretsa udindo wa Patriarch ndi kuikapo Tikhon, iwo anali mmodzi mwa achiwiri kwa wapampando. Koma mu Januwale 1918 boma la chikomyunizimu la a Bolshevik linachotsa ntchito ansembe onse a asilikali ndi kulanda katundu wa matchalitchi awo.

Bambo Georgy anathawira kum'mwera, kwa Kazembe Anton Denikin, natsogolera ansembe a asilikali olimbana ndi a Bolshevik. Kumeneko vuto linakula, chifukwa mbali zonse ziwiri za nkhondo yapachiweniweni zinali ndi ana obatizidwa a mpingo umodzi. Mu 1920 Kazembe Pyotr Wrangel atalowa m'malo mwa Denikin anawachotsa naikapo Episkopi Veniamin Fedchenkov. Bambo Georgy anakakhala ku Bulgaria, akuphunzitsa ku seminale ndi ku yunivesite ya Sofia, mpaka imfa yawo pa 2 Okutobala 1951. Zokumbukira zawo zinasindikizidwa m'mabuku awiri ku New York mu 1954, ndipo olemba mbiri amazigwiritsabe ntchito chifukwa sanabise zofooka za mfumu, za maepiskopi kapena za ansembe awo.

Russia inabwezeretsa ansembe m'gulu lankhondo mu 2009, ndipo Ukraine inakhazikitsa lamulo la ansembe a asilikali mu 2021. Kuyambira Febuluwale 2022 ansembe a Orthodox ali mbali zonse ziwiri za nkhondo imodzi, ya Russia ndi Ukraine, atavala kabokosi kofanana pachifuwa, akuwerenga mapemphero ofanana pa machira. Mu Seputembala 2022 Patriarch Kirill wa ku Moscow analalikira kuti msilikali wofa akukwaniritsa udindo wake wapereka nsembe imene imatsuka machimo ake onse. Akatswiri ambiri a zaumulungu a Orthodox m'mayiko ena anatsutsa mawuwo poyera, ndipo umboni umene anatulutsa ndi wa Polyeuktos kukanira mfumu Nikephoros, ndi lamulo la 13 la Basil. Ansembe ena a mkati mwa Russia amene anakana kuwerenga pemphero lopempha chipambano, kapena amene anaikamo mawu oti mtendere, anaimitsidwa kapena kuchotsedwa unsembe ndi makhoti a mpingo wawo.